Tsabola Wogona mu Neti

Chaka chimene ndinabereka mwana wanga woyamba ndi chaka chimene khate linalowa m'dimba la tsabola. Zinthu ziwirizi m'mutu mwanga sizilekana. Ndikakumbuka kafungo ka paliwombo pa khanda lija, pomwepo ndimaonanso masamba atapiringizika ngati wina wawawaula pamoto.

Ine kwathu ndi kwa Mposa, ku Machinga. Kwa Kalembo ndinapita chitengwa, zimene akwathu sanakondwere nazo, poti mwamuna ndiye amayenera kudzamanga kwa mkazi. Koma amuna anga anali ndi dimba la makolo awo m'mphepete mwa dambo, ndipo anati sangasiye madzi n'kukalima pouma. Ndinawatsatira. Mimba itakula iwo ananyamuka wa ku Joni, akuti miyezi yochepa chabe, n'kundisiyira dimbalo, amayi awo okalamba, ndi mlongo wawo wamkulu amene khomo lake linayang'anana ndi langa. Alamu angawo pakamwa sankabisa mawu, ndipo ine ndinkawaopa kuyambira tsiku loyamba.

Tsabola ndiye anali zonse. Tinkamuyanika pamphasa, n'kupita naye kwa ogula a sikelo ku Ulongwe, ndipo sopo, mchere, mafuta odzoza mwana, ngakhale ufa chimanga chikatha, zonse zinkatuluka mmenemo. Ndiye mmene ndinaona nsonga zikukwinyika, masamba akuchita mawanga achikasu, maluwa akuyoyoka asanagwire, sindinakhale pansi. Ndinawaza phulusa. Ndinawaza madzi a sopo, madzi a nimu, chilichonse chimene munthu wodutsa wanena. Khate linkangoyenda mzere ndi mzere. Mitengo sinkafa, iyayi, bola ikanafa. Inkangoima yopinimbira, ikumwa madzi amene ndatunga ndi msana wosapola, osabereka, kapena kubereka titsabola topindika toti ogula akationa amangoseka.

Alangizi a zaulimi anabwera pa njinga yamoto, mayi wamtali wa changu, n'kutisonkhanitsa ife a madimba pansi pa mtengo wa mango. Anati matendawa alibe mankhwala, amayenda ndi tinsabwe tobisala kunsi kwa masamba, ndipo mtengo ukadwala wadwala. Anthu anang'ung'udza, wina anati ndiye tidye chiyani. Alangizi anangoyamba kuyenda m'madimba, ife pambuyo pawo, ine mwana kumsana. Atafika mwanga anaima pachulu.

Pambali pa chulucho panali mtengo umodzi wobiriwira, masamba osalala, wadzaza maluwa, pamene nthambi zake zinkakhudzana ndi odwala mbali zonse. Ine ndinali nditauona kale koma sindinkauyang'anitsitsa, poti chinthu ukachiyamikira ndi maso sichichedwa kufa.

"Uwu munaubzala pamodzi ndi inzakeyi?" anandifunsa alangizi.

"Eya, tsiku limodzi, mbewu imodzi."

Anatembenuza tsamba. Tinsabwe tinalipo, mbuu.

"Mwaona? Zikuuluma koma sukudwala. Mayi, mtengo uwu musadye, musagulitse. Mumusiye tsabola wake apsere pomwepo mpaka afiire, mutenge njere, mufese. Mbande zake musakazibise pamalo abwino. Mudzaziwokere pakati pa odwala penipeni. Zimene zadwala muzule, zimene zaima mutengenso njere."

"Kangati?"

"Zaka, mayi. Ndipo mwina mudzapeza kuti unangochita mwayi. Ine sindikulonjezani kanthu."

Anati ndipeze neti yakale ndiufunditse, kuti njuchi zisabweretse mungu wa mitengo yofooka, ndiponso kuti apumbwa asamalize zofiira. Kenako analiza njinga yawo, fumbi kobo, anapita.

Chimene alangizi sanaganize n'chakuti kumudzi kuja tsabola sapempha. Mchere umapempha, ufa umabwereka, koma tsabola umangothyola podutsa, n'kukuwa uli kale panjira kuti "Ndathyolako sabola!", mwini wake n'kuyankha ali chowerama kuti "Thyolani!" Chaka chabwino palibe amene amazindikira n'komwe kuti wathyoledwa. Koma chaka chimenecho dambo lonse linali ndi mtengo umodzi wa tsabola wooneka ngati tsabola, ndipo mudzi wonse unali utamva alangizi akuutama. M'mawa mwake ndinapeza kanthambi kakhadzulidwa, kakulendewera ndi khungwa.

Ndinathamanga kunyumba, ndinatenga neti yong'ambika imene amuna anga ankagona ali mbeta, ndinasoka mabowo, ndinazika timitengo tinayi, ndinafunditsa, m'mphepete n'kupsinja ndi miyala. Ya mwana sindinakhudze, inali yatsopano ya kusikelo. Koma anthu poona chinthu chobiriwira chitakhuthala pachulu anayamba kuseka. Amayi akamapita kotunga madzi ankati, "Tiyende mwakachetechete, bwana ali m'tulo."

Ndinkaseka nawo.

Tsiku lina masana alamu anabwera m'dimba atagwira mpeni m'manja, akununkha utsi wa kukhitchini.

"Alamu, tatsegulani chipinda cha bwana wanuyu nditapeko tiwiri. Matemba ali pamoto."

Ndinali ndisanawakanizepo kanthu chibwerere.

"Iyayi alamu, pepani. Ameneyu ndi wa mbewu."

"Wa chiyani?"

"Wa mbewu. Alangizi anati..."

"Alangizi! Alangizi amadya kuno? Dimba la bambo anga, chulu cha bambo anga, chitsime anakumba ndi bambo anga. Inu mwabwera dzulodzuloli ndi kachikwama kamodzi, lero sabola mwamukwatira ndinu?"

Ndinangoyang'ana pansi, ndikugwedeza mwana ngakhale sankalira. Iwo anayang'ana kumsana kwanga, pamene panatulukira kamutu ka mwana, n'kunena motsitsa mawu:

"Chabwino, manani. Koma khanda limakula ndi manja a anthu."

Anatembenuka, anapita. Mawu amenewo anandilowa ngati munga wothyokera m'phazi. Kaya ankatanthauza chiyani, kaya anangolankhula ndi mkwiyo wa matemba opanda tsabola, ine sindinkadziwa, ndipo ndinalibe womufunsa, amayi anga ali kutali. Kuyambira tsikulo mwana sindinkamutula. Ndinkamugwira paliwombo, ndinkamusuzumira m'kamwa, akayetsemula ndinkaima chilili, akagona nthawi yaitali ndinkamudzutsa dala kuti ndimve kulira kwake. Apongozi anga anaona. Anati, "Amake mwana, apatseni tiwiri nkhani ithe. Sabola n'chiyani?" Ndinati chabwino amayi, koma sindinapereke. Ndinkati ndikatsegulira mmodzi ndatsegulira mudzi, ndipo chaka chamawa mwanayu ndidzamusambitsa ndi chiyani?

Ngakhale ndinakana, m'mawa wina ndinapeza miyala yasuntha ndipo ofiira kwambiri a kunthambi ya kum'mawa palibe. Pa dothi lonyowa panali chidindo cha patapata womanga ndi waya. Patapata ameneyo ndinkamudziwa, ankakhala pakhomo loyang'anana ndi langa. Ndinangoyamba kuswera m'dimba, ine ndi mwana pamthunzi wa chulu, kuyang'anira mtengo ngati mbusa, kutopa kwake kosaneneka, dzuwa la mwezi wa Okutobala likuphika m'mutu.

Atafiira ambiri ndinawathyola, kuwamanga pansonga ya chitenje, n'kupita nawo kuseri kwa nyumba. Mwana ndinamugoneka pamphasa pakhonde. Ndinakhala pansi ndi lichero, kumang'amba mmodzimmodzi ndi zikhadabo, njere uku, makungu uku. Amene sanachitepo ntchito imeneyi sangadziwe. Poyamba sumva kanthu. Kenako zala zimayamba kunyerenyetsa, kenako moto umalowa pansi pa zikhadabo, umakwera m'zikhatho, ndipo ngakhale usambe chotani umakhala momwemo mpaka dzuwa kulowa. Ndinapirira. Ndinkayang'ana tinjere tachikasu tikuchuluka palichero ndikuti basi, ndapulumuka.

Ndili pafupi kumaliza, mwana analira kulira kumene ndinali ndisanakumvepo, kwakufupi, ngati kamwana ka mbuzi. Ndinathamanga. Nditafika pamphasa ndinaima manja ali m'mwamba. Ndinagwada, ndinamukhudza pachipumi ndi tsaya langa. Moto. Maso anali atatembenuka, timanja tauma gwa, kukamwa kukutuluka thovu, ndipo ine sindikanatha kumupukuta, sindikanatha kumutsegula kukamwa, sindikanatha ngakhale kutulutsa bere. Ndinaviika manja mu ndowa, sopo, phulusa, sopo, ndinayesa chala pamlomo panga, moto womwewo. Apongozi anali ku dambo kokazula bango. Pamudzi panali munthu mmodzi yekha.

Ndinamunyamula ndi mikono ngati mtolo wa nkhuni, zikhatho zili kunja, ndinadutsa bwalo ndikukuwa, "Alamu! Alamu ine!"

Anatuluka ndi chipande m'manja. Anayang'ana mwana, anayang'ana manja anga ofiira, chipande chinagwa.

"Bweretsani kuno! Musamugwire kumaso! Mayo, manja otani amenewa?"

Anamulanda, anamupukuta ndi nsonga ya chitenje chawo, anamuthira madzi m'mutu, anamuponya kumsana kwawo n'kumanga. Anatulutsa njinga ya amuna awo.

"Kwerani! Mukuyang'ana chiyani, mukufuna ndikuberekeninso inuyo?"

Ndinakhala pakaliyala. Iwo akupalasa, mwana pakati pathu, nkhope yake pafupi ndi yanga, ine manja nditagwira chitsulo cha pansi pa chishalo kuti ndisamukhudze. Msewu wa mchenga, njinga ikutsetsereka, alamu akupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo.

"Akupuma?"

"Akupuma."

Tikayenda pang'ono, "Akupuma?"

"Akupuma, alamu."

Maso anga sanachoke patimphuno take. Ndipo mumtima, Mulungu andikhululukire, ndinkati ndi mawu a mayi ameneyu achita izi, ndipo ndi yemweyunso wamubereka, nanga ndiganize chiyani, ndikuwe kapena ndithokoze. Thukuta lawo linkatsikira pamutu pa mwana wanga.

Kuchipatala anamubaya kachala, anati ndi malungo, anatigoneka. Mwana atatsitsimuka anayamba kufunafuna bere ndi kukamwa, koma manja anga anali akuyakabe. Alamu anandiyang'ana, anapukusa mutu, anandimasula bulauzi okha, n'kugwira bere langa kumuikira mwana m'kamwa. Amayi a pabedi loyandikana anayamba kuseka.

"Sekani," anatero alamu. "Ine ukulu wonsewu sindinagwirepo bere la mkazi mnzanga. Zonsezi n'chifukwa cha bwana wogona mu neti."

Ndinaseka ndikulira. Mwana ankayamwa.

Za lichero ndinazikumbukira tsiku lotsatira, mwana atayamba kusewera ndi mkanda wanga. Ndinalisiya pansi, kuseri kwa nyumba, padzuwa, pamene nkhuku zimaswera, ndipo nkhuku tsabola sizimumva kuwawa. Sindinauze munthu. Mayi amene mwana wake wangobwerera kumene kuchokera kutali angatchule bwanji njere?

Titatuluka, apongozi anatilandira panjira akuvina pang'onopang'ono ndi ndodo yawo. Anamunyamula mdzukulu wawo, anamununkhiza, anathokoza Mulungu. Kenako analowa m'nyumba n'kutuluka ndi botolo, nkhope ikuwala.

"Amake mwana, ntchito yanu sinawonongeke. Ndinapeza nkhuku zayamba kuzungulira, ndinati iyayi. Koma inu a kwa Mposa, njere mumazipatuliranji? Kukoma kwa sabola kuli m'njere! Ndasinja zonse pamodzi, mchere, mandimu, ndakazinga ndi timafuta. Mudye, mubwezeretse magazi."

Botolo linali lofiira, lokongola, tinjere tophwanyika tikuyandama m'mafuta. Ndinalilandira ndi manja awiri nditagwada.

"Zikomo amayi."

Ndinatula katundu, ndinabereka mwana, ndinatsetsereka kudimba ndikuthamanga, ndikuti mwina otsala, mwina aawisi aja. Neti panalibe, kaya mphepo kaya munthu. Mtengo unali utapululidwa, anthu mbali ina apumbwa mbali ina, nthambi zokhadzuka, ndipo masiku onse aja palibe amene anauthirira. Ndinauthira madzi m'mawa ndi madzulo mpaka manja kuchita matuza. Sunadzukenso.

Masabata otsatirawo sindiwakumbuka bwino. Ndinkadzuka, kusesa, kuphika, kuyamwitsa, kugona. Ndinapita kukapalira m'minda ya anthu mwana ali kumsana. Amuna anga ataimba foni ndinawafotokozera, iwo anati, "Zimenezo n'zazing'ono, mbewu imagulidwa," foni n'kuduka. Mbewu yogula ndi yomwe ija inadwala dambo lonse. Botolo lija tinkadyera ndiwo tsiku ndi tsiku, apongozi akuyamikira, ine ndikumeza.

Mvula yoyamba itagwa, m'mawa wina ndinapita kukabweza beseni kwa alamu. Ndinazungulira kuseri, kumene kuli thandala lawo la mbale, pamalo pamene amakhuthulira madzi otsukira. Pansi pa thandalapo, m'matope akuda, panali timbande tambirimbiri tothithikana, masamba awiriawiri osongoka. Ndinagwada. Mbande ya tsabola ndimaidziwa ngakhale itangosuzumira. Ndipo chaka chimenecho tsabola wokhwima woti njere zake zimere analipo pamtengo umodzi wokha, ndipo ndinkadziwa patapata amene anakamutenga.

Ndinakhala chogwada pamenepo, beseni lili m'manja, mpaka ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

"Mwataya chiyani pansi pa mbale zanga?"

Alamu anali ataima ndi tsache. Ine amene ndinawakaniza tiwiri, matemba ali pamoto.

"Alamu, ndimati... ndimati ndipemphe nawo timbandeti."

"Titi? Zinyalala izi?" Anawerama, anayang'ana, ndipo ndinaona kuti azindikira, chifukwa khutu lawo linagwedera ngati akufuna kuseka koma akukaniza. "Ameneyu si mwana wa bwana uja? Taonani kumene wadzabadwira. Pamatope, popanda neti."

"Ndi yemweyo."

"Ndiye wabwera bwanji kuno? Anayenda yekha?"

Anagogoda tsache pachikhatho.

"Mukupempha chiyani tsono? Kwanu kwa Mposa sabola amapempha? Zulani. Koma musandigwetsere thandala."

Ndinazizula ndi supuni, iliyonse ndi kadothi kake, n'kuziika mu beseni lomwe ndinabwera kudzabweza lija. Ndinazilera pakhonde mpaka zitalimba. Tsiku lowokera ndilo linandivuta. Kumtunda kwa dimba, kumene madzi a mvula safika, mitengo yakhate inali ikadali chiimire, yophukira masamba opiringizika, tinsabwe tili mbuu. Ndinaima ndi beseni, ndikuyang'ana timbande tosalala, ndikuyang'ana odwalawo. Thupi lonse linkakana. Munthu wangochoka kumene kuchipatala, ndiye atenge tinthu tanthete n'kukatiika dala pakati pa matenda? Kuseri kwa nyumba kunali malo abwino, oyera. Koma kumeneko ndikanadziwa bwanji kuti wolimba ndi uti? Ndinakumba timayenje pakati pa odwala, ndinawokera, mwana akundikoka tsitsi kumsana.

Ambiri anadwala. M'mawa uliwonse ndinkayenda mumzere ndikutembenuza nsonga, ndipo ndikapeza yakwinyika ndinkaima kaye, kunena kuti mwina ndi dzuwa, mwina mawa iwongoka. Siinkawongoka. Ndinkazula, kukataya kutali. Otsala osadwala anali oti ndikanawanyamula m'dzanja limodzi.

Mwana uja pano amathamanga yekha kupita kwa azakhali ake, ndipo amabwerako m'kamwa muli mbatata. Alangizi aja anasamutsidwa, amene anabwera m'malo mwawo nkhaniyi saidziwa. Bambo ake a mwana akadali ku Joni, miyezi yochepa ija sinathebe. Ine ndikadali pa ntchito yomweyo, kufesa, kuwokera pakati pa odwala, kuzula, kusunga njere. Chaka chilichonse oima amachulukirako pang'ono, moti chaka chatha ndinapita ku Ulongwe ndi kathumba koti ogula sanaseke. Koma sindinganene kuti ndapeza mbewu. Ndatopa, msana umandipweteka ngati wa munthu wamkulu, ndipo njere masiku ano ndimang'amba nditavala timapepala ta shuga m'manja, mwana ali kwa alamu.

Mitengo ya mbewu ndimaifunditsabe neti, koma nthambi imodzi ya kunjira ndimaisiya kunja. Anthu amathyola, amakuwa ali panjira, ine ndimayankha ndili chowerama. Dzulo, pothirira, ndinaona mtengo umene ndinkaudalira kwambiri, mdzukulu wa wa pachulu uja, kansonga kake kamodzi katayamba kupinda. Ndinakaphimba ndi chala, ndinakatsegulanso, kanali kopindabe. Lero sindinapiteko. Mawa ndipita ndi khasu.